Boise State ikuwina koma saitenga, Rutgers ikuluza koma ili mu Big Ten: amasankha bwanji?

Funso: "Mphwanga ali pa koleji ku America, amathamanga mu timu ya sukulu yawo, nde inenso ndayamba kutsatira masewero a makoleji kumeneko. Chikundizunguza mutu ndi ichi, sukulu imalowa bwanji mu maligi akuluakulu ngati Big Ten kapena SEC? Ine ndinkayesa ukawina ligi yaing'ono umakwera ngati mmene zimakhalira mu Super League kapena ku England, koma ndikuona Boise State yakhala ikuwina zaka zonsezi ili pompo, pomwe Rutgers imangokwapulidwa koma ili mu Big Ten. Amasankha ndani ndipo amayang'ana chani?"

Achimwene, zokwera ndi zotsika zija muzisiye kaye pambali, ku makoleji a ku America kulibe zimenezo. Ligi ngati Big Ten, SEC, ACC kapena Big 12, imene iwo amati conference, ndi kalabu ya mayunivesite omwe anagwirizana okhaokha kuti azisewera limodzi komanso kugulitsa limodzi magemu awo ku makampani a TV, ndipo palibe angawakakamize kulandira mlendo. Olo NCAA yeniyeniyo, bungwe lomwe limayendetsa masewero a makoleji dziko lonselo, ilibe mphamvu yowuza SEC kuti tengani uyu wawina. NCAA imangoika malamulo apansi, monga akuti sukulu yomwe ikufuna kusewera pa levulo yapamwamba ya mpira wa chi America, imene amati FBS, ikhale ndi mitundu ya masewero yosachepera 16, ndipo kuyambira mu 2023 yofuna kukwera kuchokera levulo yapansi imalipira madola 5 miliyoni pomwe kale anali madola 5,000 okha. Koma olo mukwaniritse zonsezo, khomo la ligi limatsegulidwa ndi eni ake basi.

Amene amavota si makochi ayi, komanso si akuluakulu a zamasewero, ndi mapulezidenti ndi ma chancellor a mayunivesite omwe ali kale mkatimo. Komishonala wa ligi, monga Greg Sankey ku SEC, amayendetsa zokambirana ndi kubweretsa mawerengero, koma voti ndi ya akuluakulu a sukuluwo, ndipo sikuti theka likangovomera zatheka. Ku SEC ndi ku ACC pamafunika magawo atatu mwa anayi. Zili ngati banki mkhonde, akale ndi amene amavomereza watsopano, ndipo aliyense mumtima amakhala akufunsa kuti munthuyu akalowa, tsiku logawana ine nditenga zambiri kapena zochepa? Funso lenileni ndi limenelo. Zina zonse zomwe ndikuuzeni pansipa, za maphunziro, za ndale, za mtunda, zimabwera pambuyo pa funso limeneli.

Kuti mumvetse pomwe zinayambira, bwererani ku 1984. Chaka chimenecho chisanafike NCAA ndi imene inkagulitsa magemu onse a mpira wa makoleji ku TV, ndipo inkaika malire pa maulendo omwe timu imodzi ingaonekere. Yunivesite ya Oklahoma ndi ya Georgia zinasumira NCAA, nkhani inakafika ku Supreme Court, ndipo khoti linagamula kuti zimene NCAA inkachitazo zikuphwanya malamulo a mpikisano pa malonda. Kuchokera pamenepo sukulu ndi maligi anayamba kudzigulitsira okha, ndipo ligi inasiya kukhala gulu la anansi ongokonza ndondomeko ya magemu, inasanduka shopu. Penn State inavomerezedwa mu Big Ten mu 1990. SEC inatenga Arkansas ndi South Carolina kuti ifike pa matimu 12, chifukwa lamulo la nthawi imeneyo linkalola ligi ya matimu 12 kukhala ndi gemu ya fainolo, ndipo fainolo yoyamba inaseweredwa mu 1992, gemu imodzi yowonjezera yoti nkugulitsa padera.

Masamu ake ndi osavuta. Tingoyerekeza kuti ligi ili ndi sukulu 16 ndipo iliyonse imalandira madola 60 miliyoni pachaka kuchokera ku TV. Sukulu ya nambala 17 ikalowa, ndalama ziyamba kugawidwa pa 17, nde kuti akale aja asataye kalikonse, makampani a TV akuyenera kuvomera kuwonjezera 60 miliyoni yathunthu chifukwa cha sukulu imodziyo. Sukulu zomwe zingabweretse ndalama zotero pazokha ndi zowerengeka kwambiri. Ndiye ligi ikamalemera, khomo lake limanka lichepa. Ndipo ndalama zambiri za TV zimachokera ku mpira wa chi America, wa zipewa uja, osati basiketibo. Onani UConn, yunivesite ya ku Connecticut, timu yawo ya amuna ya basiketibo inatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 2023 ndi 2024 motsatizana, ya akazi nayo ndi yoopsa kuyambira kalekale, koma palibe ligi mwa zinayi zikuluzikuluzi yomwe inaitenga chifukwa mpira wawo sukoka anthu pa TV.

Tsopano Rutgers imene mwaitchulayo. Mu 2007 Big Ten mogwirizana ndi Fox inatsegula tchanelo chakechake, Big Ten Network. Nthawi imeneyo pafupifupi nyumba iliyonse ku America inkalipira kebulo pamwezi, ndipo mu ndalama yapamweziyo kachigawo kena kankapita ku tchanelo chilichonse chomwe chili mu phukusi, kaya mumachiwonera kaya simuchiwonera. Chinsinsi chinali chakuti m'madera momwe muli sukulu ya Big Ten, tchanelocho chinkatha kulipiritsa makampani a kebulo ndalama zambiri pa nyumba iliyonse kusiyana ndi kumadera komwe kulibe sukulu yawo. Nde Jim Delany, yemwe anali komishonala, anayang'ana mapu. Rutgers ili ku New Jersey, pakhomo penipeni pa New York, msika waukulu kwambiri wa TV ku America konse. Maryland ili pafupi ndi Washington DC ndi Baltimore. Mu November 2012 analengeza kuti ziwirizi zilowa, ndipo zinayamba mu 2014. Palibe amene ankayembekezera kuti Rutgers ikagonjetsa Ohio State kapena Michigan, chomwe ankagula ndi nyumba mamiliyoni zolipira kebulo, kuphatikizapo za anthu omwe sanaonerepo gemu ya Rutgers chibadwire. Kuwonjezera apo Rutgers ndi yunivesite yaikulu ya boma yochita kafukufuku wamphamvu, komanso ndi yomwe inasewera gemu yoyamba ya mpira wa makoleji mu 1869 ndi Princeton, nde mapulezidenti analibe chowachititsa manyazi. Ndipo muziwe kuti olo inalowa, sinayambe ndi gawo lathunthu, inadikira zaka ingapo ikulandira zochepa kuposa anzake.

Boise State ndiye mbali inayo ya nkhani yomweyi. Timuyi aliyense amaidziwa, bwalo lake lija la buluu, komanso gemu ya Fiesta Bowl ya pa 1 January 2007 pomwe inagonjetsa Oklahoma 43 kwa 42, ndipo mu 2024 inafika mu playoff ya dziko lonse. Koma Boise ili ku Idaho, chigawo cha anthu ochepa, msika wa TV ndi waung'ono, kutali ndi aliyense, ndipo pa kafukufuku yunivesiteyo siili pa mndandanda womwe mapulezidenti a Big Ten kapena Pac-12 yakale, ligi yaikulu ya kumadzulo kwa America, ankalemekeza. Pabwalo inachita zonse zomwe timu ingachite, kungoti pabwalo sipomwe pamagamulidwa nkhaniyi.

Zinthu zasinthako pang'ono zaka khumi zapitazi chifukwa anthu ambiri akudula kebulo kupita ku ma streaming a pa intaneti. Kukhala pafupi ndi mzinda waukulu pakokha sikukukwaniranso, pano makampani a TV akufuna dzina lomwe munthu wa kulikonse angasiye zochita zake Loweruka kuti aonere. Nchifukwa chake mu July 2021 SEC inatenga Texas ndi Oklahoma, pomwe inali nayo kale Texas A&M mu chigawo chomwecho, kutanthauza kuti msika wa Texas inali nawo kale. Mkulu wa zamasewero ku Texas A&M ananena poyera kuti iwo akufuna akhale okha a SEC mu Texas, koma tsiku la voti litafika zinatha 14 kwa 0, A&M nayo inavomera. Pa 30 June 2022 Big Ten inayankha potenga USC ndi UCLA za ku Los Angeles, ndipo patangotha milungu yochepa inasaina kontrakiti ndi Fox, CBS ndi NBC ya ndalama pafupifupi madola 7 biliyoni pa zaka 7. Ligi yomwe inabadwira kuzungulira Chicago inapezeka yafika kunyanja zonse ziwiri, ndipo inayamba kugulitsa magemu kuyambira masana mpaka usiku kwambiri chifukwa nthawi ya ku California ili m'mbuyo ndi maola atatu poyerekeza ndi New York. Olo nthawi imene ya pa wotchi ndi katundu wogulitsa.

Chomwe chimandisangalatsa kufotokoza ndi zomwe zimachitika sukulu ikakhala kuti ndi yabwino koma masamu aja sakukwana, chifukwa apa mpomwe mumaonera bwino kuti mpando umagulidwa. Oregon ndi Washington ndi matimu amphamvu, Washington inasewera fainolo ya dziko lonse mu January 2024, koma pomwe Big Ten inkawatenga mu August 2023 inawapatsa pafupifupi theka la zomwe anzawo amalandira, kuyambira cha pa madola 30 miliyoni pachaka, mpaka kontrakiti ilipoyi idzathe. USC ndi UCLA zinalowa ndi gawo lathunthu tsiku loyamba. Ligi imodzi, chaka chimodzi cholowera, mitengo iwiri.

Ya SMU ndiye imaposa pamenepo. SMU ndi yunivesite yoima payokha ya ku Dallas, ili ndi anthu olemera kwambiri omwe anaphunzira pamenepo, ndipo inakhala kunja kwa maligi akuluakulu kwa zaka zambiri kuyambira 1996, itafooka kale ndi chilango cha 1987 pomwe NCAA inatseka timu yawo ya mpira chaka chathunthu chifukwa cholipira osewera mobisa. Mu 2023 SMU inauza ACC kuti tilandireni, ndalama za TV sititenga kwa zaka 9. Stanford ndi Cal (University of California ya ku Berkeley), zonse za ku California, nazo zinavomera kuyamba ndi kachigawo kochepa, cha m'ma 30 peresenti. Mwina mukufunsa kuti nanga ACC ipindula chani? Mu kontrakiti ya ACC ndi kampani ya TV ya ESPN muli ndime yoti ligi ikawonjezera membala, ESPN iwonjezeranso gawo lathunthu la membalayo. Nde ESPN ikulipira magawo atatu, atsopanowo akutengako pang'ono kapena osatenga nkomwe, zotsalazo zikupita m'matumba a akale. Ndi zimene zinatembenuza voti. Pankafunika mavoti 12 mwa 15, poyamba Florida State, Clemson, North Carolina ndi NC State ankakana, nde zinali zitaima pa 11. NC State itasintha maganizo, pa 1 September 2023 zinadutsa 12 kwa 3. Anthu olemera a SMU aja anasonkha madola 100 miliyoni mu sabata imodzi kuti atseke dzenjelo, ndipo chaka choyamba chomwe mu ACC timuyo inafika mu playoff. Atlantic Coast Conference, ligi ya kugombe la kum'mawa, pano ili ndi sukulu ziwiri za ku California zoyang'anizana ndi nyanja ya Pacific.

Za maphunziro zilipo ndithu, musamve ngati ndikuti ndi zabodza, kungoti mphamvu yake ndi yotseka khomo osati yotsegula. Ovota aja ndi mapulofesa, amasamala kuti dzina la sukulu yawo liziyenda ndi ndani. Big Ten imakonda kwambiri mamembala a AAU, gulu la mayunivesite pafupifupi 70 otsogola pa kafukufuku, ndipo sukulu zake zili ndi mgwirizano wina wa zamaphunziro wogawana mabuku a mu laibulale ndi maphunziro ena. USC, UCLA, Oregon, Washington, Rutgers, Maryland, zonsezi zili mu AAU. Nebraska inali mu AAU pomwe inkavomerezedwa mu 2010, koma mu 2011 isanasewere nkomwe gemu yoyamba ya Big Ten inachotsedwa mu AAU, ndipo Big Ten sinaibweze. Mbali inayi, Stanford ndi Cal ndi ena mwa mayunivesite apamwamba kwambiri padziko lonse, koma Big Ten inawadutsa mu 2023 chifukwa a TV sanaone ndalama mwa iwo. ACC nayo inkadzitama ndi maphunziro, koma Maryland italengeza zochoka mu 2012 inasankha Louisville kusiya UConn, pomwe pa mindandanda ya maphunziro UConn inali patsogolo, chifukwa sukulu za mpira mu ACC zinkafuna timu ya mpira yooneka.

Palinso za chikhalidwe. BYU ndi ya mpingo wa Latter-day Saints ndipo sisewera Lamulungu zivute zitani, nde ligi yoitenga imayenera kukonza kalendala yake mozungulira zimenezo. Big 12 inavomera kutero mu 2021 itataya Texas ndi Oklahoma, chifukwa BYU ili ndi masapota paliponse pomwe pali mpingowo. Notre Dame ndiye ili ndi mphamvu zake zokha, ili ndi kontrakiti yakeyake ndi NBC kuyambira 1991, nde inalowa mu ACC mu 2013 ndi masewero ena pafupifupi onse koma mpira inakana, ndipo ACC inavomera, chinthu chomwe sichikanatheka kwa sukulu wamba.

Andale nawo amalowerera, pajatu mayunivesite ambiriwa ndi a boma ndipo bajeti yawo imadutsa ku nyumba ya malamulo ya chigawo chawo. Mu 1994 pomwe Southwest Conference, ligi yaikulu ya sukulu za ku Texas, inkagwa, Texas ndi Texas A&M zinkafuna kupita kwina, koma akuluakulu a boma la Texas anaonetsetsa kuti Texas Tech ndi Baylor zisatsale. Gavanala Ann Richards anaphunzira ku Baylor, wachiwiri wake Bob Bullock anaphunzira ku Texas Tech ndi ku Baylor komwe. Zinayizo zinalowa mu Big 12 yomwe inayamba mu 1996, pomwe Houston, Rice, SMU ndi TCU zinatsala panja. TCU inadikira mpaka 2012, Houston mpaka 2023, Rice ikadali kunja. Ku Virginia mu 2003 ACC inkafuna Miami, Boston College ndi Syracuse, koma Duke ndi North Carolina zinkakana zowonjezera mamembala, nde voti ya University of Virginia inali yofunika kuti zitheke. Gavanala Mark Warner anapanikiza kuti Virginia isavomere pokhapokha Virginia Tech ilowe nawo, ndipo Virginia Tech inalowadi, Syracuse nkudikira zaka khumi. Ku California nako bodi yoyang'anira mayunivesite a boma inalola UCLA kupita ku Big Ten koma inailamula kuti izipatsa Cal madola 10 miliyoni pachaka kwa zaka zingapo, ngati chipepeso choisiya m'mavuto.

Kayendetsedwe kake kambiri kamachitika mseri. Kalata yofunsira malo imalembedwa komaliza, aliyense atadziwa kale kuti mavoti akwana, chifukwa sukulu siingafune kuchita manyazi pamaso pa ligi yomwe ikufuna kuithawa, komanso ligi yolandira imaopa kusumiridwa kuti ikunyengerera membala wa eni ake kuphwanya kontrakiti. Za Texas ndi Oklahoma anzawo a mu Big 12 anazimvera mu nyuzipepala ya Houston Chronicle. Nthawi imodzi yomwe zinachitikira poyera inali 2016, Big 12 inalengeza kuti ikufuna mamembala, sukulu 11 zinakaonekera pamaso pa akuluakulu kukadzigulitsa ndi mawerengero a owonera, mapulani a masitediyamu ndi malonjezo a ndalama, kenako mu October ligi inangoti sitikutenganso aliyense. ESPN ndi Fox sizinkafuna kulipira magawo owonjezera chifukwa cha sukulu zimenezo. Patapita zaka zisanu, itasowa mtengo wogwira, Big 12 yomweyo inatenga Cincinnati, Houston, UCF ndi BYU, zomwe zinali pa mndandanda womwe uja. Sukuluzo sizinasinthe kwenikweni, chinasintha ndi njala ya ligi.

Funso lina lomwe amafunsa ndi loti sukuluyo ndi yomasuka kuchoka komwe ili? Pali chindapusa chotulukira, Maryland inalipira ACC madola pafupifupi 31 miliyoni atakokanakokana kukhoti, Texas ndi Oklahoma zinasiya pafupifupi 100 miliyoni pamodzi kuti zichoke chaka chimodzi msanga. Koma unyolo weniweni ndi chikalata chomwe amati grant of rights, pomwe sukulu imasainira kuti ufulu wonse wowonetsa magemu ake apakhomo pa TV ndi wa ligi mpaka chaka chakutichakuti, olo itachoka. Ndiye ligi ina ingakutengerenji ngati magemu ako sangagulitsidwe? Cha ACC chinkafika 2036, ndipo Florida State ndi Clemson zinapita nacho kukhoti mu 2023 ndi 2024 mpaka anagwirizana kunja kwa khoti mu 2025. Pac-12 inagwa ndendende chifukwa makontrakiti ake ankatha mu 2024 ndipo panalibe chomanga munthu.

Nkhani ya Pac-12 imandipweteka mtima, ndinene zoona. Ligi ya zaka zoposa 100, USC ndi UCLA zitalengeza zochoka, komishonala George Kliavkoff anakhala chaka chonse akusaka kontrakiti ya TV, pomwe Brett Yormark wa Big 12 anathamanga nkusainiratu ndi ESPN ndi Fox mu 2022. Chomwe chinabwera patebulo komaliza chinali dilu ya streaming ndi Apple ya ndalama zochepa, Colorado inali itachoka kale kumapeto kwa July 2023, ndipo pa 4 August tsiku limodzi lokha Oregon, Washington, Arizona, Arizona State ndi Utah zonse zinatuluka. Stanford ndi Cal zitapita ku ACC, zinatsala Oregon State ndi Washington State, sukulu zomwe zili m'matauni ang'onoang'ono, Corvallis ndi Pullman, zomwe sizinalakwe chilichonse, Oregon State inali itangowina magemu 10 mu 2022 ndipo inali ikumaliza kukonza sitediyamu yake ndi ndalama zambiri. Palibe anazifuna. Ine ndimaona kuti apa mpomwe dongosololi limalakwa kwambiri, chifukwa mapulezidenti omwe amalankhula za kuphunzitsa achinyamata kukhulupirika anasiya anzawo a zaka 100 pa voti ya mmawa umodzi, ndipo gemu ngati ya Oregon ndi Oregon State yomwe mabanja akhala akuonera mibadwo ingapo inasanduka yochita kukambirana chaka ndi chaka. Malamulo a NCAA amafuna ligi ya FBS ikhale ndi matimu a mpira osachepera 8 ndipo amapereka zaka ziwiri zoti ikonze, nde ziwirizo zinayamba kusaka, ndipo zinachita kwa Mountain West, ligi yomwe munali Boise State, zomwezo zomwe zinachitidwa kwa izo. Zinatenga Boise State, Fresno State, San Diego State, Colorado State ndi Utah State, kenako Gonzaga ya basiketibo yopanda mpira, ndi Texas State yokwaniritsa nambala 8, kuyambira mu 2026. Nde Boise State yanu ija yalowadi mu Pac-12, koma Pac-12 yake si ija inkaifuna zaka zonsezi.

Poti mphwanu ndi wothamanga, ndikuuzeninso mbali yomwe ovota aja saiganizira mokwanira. Timu ya mpira imasewera kamodzi pa sabata, magemu 12 pa sizoni, theka lake pakhomo, ndipo imayenda pa ndege yochita hayala. Koma voti yomweyo imakoka volebo, mpira wamiyendo, softball, tenesi ndi ena onse, omwe amasewera kawiri kapena katatu pa sabata ndipo nthawi zambiri amakwera ndege wamba zodikira pa eyapoti. Kuchoka ku Los Angeles kupita ku Rutgers ndi pafupifupi makilomita 4,000, mwana amafika usiku thupi likuti ndi nthawi ina, mawa lake ali ndi mayeso. Othamanga zimawapepukirako chifukwa mipikisano yawo yambiri ndi yoitanidwa, amakumana ndi a ligi yonse makamaka pa mpikisano womaliza, komabe mphwanuyo azifunsa kochi wake kuti sizoni ikubwerayi aphonya makalasi masiku angati, komanso ngati sikolashipu yake ndi yolembedwa ya zaka zonse kapena ya chaka chimodzi chimodzi, chifukwa sukulu ikasintha ligi kapena ikataya ndalama, masewero ang'onoang'ono ndi amene amayamba kudulidwa.

Kumaligi ang'onoang'ono ndiye nkhani imasiyanako, ndalama za TV ndi zochepa nde amayang'ana kwambiri ngati angafikeko pa basi, ngati bajeti zikufanana, komanso kuti nambala ya mamembala isatsike kufika potaya malo awo mu mpikisano waukulu wa basiketibo wa mu March. Big East ya pano inamangidwa mu 2013 ndi sukulu 7 za Katolika zomwe zinatopa ndi kukokedwa ndi mpira, nkutenga Butler, Creighton ndi Xavier chifukwa cha basiketibo basi. Ivy League ili ndi sukulu 8 zomwezo kuyambira 1954, sipereka sikolashipu ya masewero ndipo sinalandirepo aliyense watsopano.

Kutsogoloku masamu aja alimba kwambiri. Mu June 2025 khoti linavomereza mgwirizano wa mlandu wa House, womwe osewera anasumira NCAA. Mgwirizanowu ukulola sukulu kulipira osewera mwachindunji, mpaka cha pa madola 20.5 miliyoni pa sukulu m'chaka choyamba, nde pulezidenti aliyense pano ali ndi bilu yatsopano yoti aipezere ndalama ndipo savomera membala womuchepetsera gawo olo pang'ono. Big Ten ili ndi sukulu 18, SEC 16, Big 12 16, ACC 18 kuwerengera Notre Dame. Ngati mukufuna kudziwa nthawi yomwe mipando idzasunthenso, musayang'ane tebulo la ligi, yang'anani zaka zomwe makontrakiti akutha. Ya Big Ten ikutha mu 2030, ya Big 12 mu 2031, ndipo pa mgwirizano uja wa Florida State ndi Clemson chindapusa chotulukira mu ACC chikutsika chaka ndi chaka mpaka kufika madola 75 miliyoni cha m'ma 2030 momwemo. Mayina oti muziwatchera khutu ndi Florida State, Clemson, North Carolina ndi Miami, ndipo North Carolina ndi imene Big Ten ndi SEC zingalimbirane kwambiri chifukwa ili mu AAU, dzina lake ndi lalikulu, komanso ili mu chigawo chomwe maligi awiriwa alibemo sukulu.